Mabasiketi a Namazira

Mumsika munadzaza mphekesera yoti mayi uja wogulitsa mazira pafupi ndi chipata chakumunsi, amene aliyense amangomutcha Namazira, sagulitsa a nkhuku okhaokha. Ankati ena mwa mazira amene amawaunjika pa mathireyi aja ndi ake enieni a m'mimba. Akuti anapita kwinakwake n'kukasinthanitsa ana ake onse ndi mwayi wa malonda, n'chifukwa chake mpaka lero alibe mwana, n'chifukwa chakenso ndevu zinamumera pachibwano ngati chidindo choti pangano linatheka. Ena anathirako mchere, amvekere mkazi akadya dzira la Namazira nayenso amamera ndevu, ndipo mimba imamulambalala ngati minibasi yodzaza.

Onena izi ankanena nkhope ili gwa, ena akusenda dzira lowiritsa lomwe agula kwa iye yemweyo.

Linali bodza. Koma bodza limeneli lili ndi mayi wake ndi bambo wake, ndipo kuti muwadziwe muyenera kuyamba mwamudziwa mwini mazirayo.

Namazira ndi mayi wamfupi, wamikono yamphamvu, wa mawu oti akaitana kasitomala, otembenuka amakhala atatu. Mazira anayamba kugulitsa ali mtsikana ndipo amawadziwa ngati abale ake. Dzira akalikayikira amaliyang'anitsa padzuwa, n'kuligwedeza pang'ono pakhutu. Likamveka kukhuthuka m'kati amaliponya m'ndowa osaliyang'ana kachiwiri. Losweka pang'ono saligulitsa, amakakazinga kunyumba. Paunjikidwe kake, kumutu kosongoka kumayang'ana pansi nthawi zonse, ndipo mukamufunsa chifukwa chake amakuyankhani kuti inunso simugona chadodolido.

Thupi lake ndi lomwe linali losamvera chiyambire. Msambo unkabwera ngati mlendo wopanda foni, mwezi uno watulukira, kenako zii, miyezi n'kumangodutsa. Ziphuphu zomwe anzake anasiyana nazo atakula, kwa iye zinamanga maziko. Kenako tsitsi linayamba kumera pachibwano, poyamba timodzitimodzi, kenako linaitana abale ake. Ankalizula m'mawa uliwonse pagalasi, misozi ili lengelenge, chibwano n'kutupa ngati walumidwa ndi mavu.

Tsiku lina anakasiya mazira pa kashopu kometera kali kuseri kwa msika. Wometayo, bambo wowonda wamakutu otambalala, m'malo mowerenga mazira anayang'anitsitsa chibwano chake.

"Achemwali, amene amakumetaniyo amadana nanu," anatero.

Namazira anatola dzira kuti amugende nalo. Chinamuletsa n'chakuti linali labwinobwino, ndipo iye sataya dzira labwino pa munthu wopanda nzeru.

"Sindikukunyozani ayi," anatero wometa uja atabisala kuseri kwa mpando. "Ndikungoti khungu limenelo likufuna madzi ofunda ndi dzanja lodziwa. Khalani apa muone."

Anakhala pampando uja, ndipo tinganene kuti sanadzukeponso. Chaka chisanathe anakwatirana. Anthu amati ukwati amalemba kumwamba, ndipo uwu wolembayo anali atakhuta bwino tsiku limenelo: mkazi wandevu n'kumupatsa mwamuna wa lumo. Kuyambira pamenepo, m'mawa shopu isanatsegulidwe, bamboyo amamukhazika mkazi wake pampando wa makasitomala, kumukulunga nsalu pakhosi n'kumufunsa mwaulemu wonse kuti, "Bwana, lero tipange sitayilo yanji?"

"Ya dzulo yomweyo, koma musamalongolole ngati muli ndi makasitomala ena."

Zaka zinapita, mwana osabwera. Awiriwo ankaiseka nkhaniyi masana, koma panali masiku ena oti Namazira ankabwera kumsika maso ali psuu, n'kumanamizira utsi wa okazinga nyama. Apongozi ake, amayi a wometa uja, ankakhala nyumba yoyandikana nayo. Sanali munthu woipa mtima. Vuto lawo linali loti khutu limodzi linapuma pantchito kalekale, ndipo lotsalalo linkangosankha zoti limve.

Nthawi imeneyo Namazira ankakhala pabenchi yake kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Tiyi wake ankathira shuga woti supuni n'kuima yokha, buledi pambali, masana botolo la chakumwa chozizira, dzuwa likapendeka lina. Thupi linayamba kubwera, makamaka pamimba. Khosi linada kumbuyoku ngati sasamba, chonsecho ankalikhula mpaka kuwawa. Ndiye msambo unasowa nthawi yaitali kuposa kale lonse.

Apongozi anaphatikiza ziwirizo n'kupeza yankho lomwe mtima wawo unkafuna. Anagula ulusi n'kuyamba kuluka timasokosi.

"Mwana wanga, ine ndabereka, ndimadziwa," anatero. "Mawa tikupita kuchipatala akakuyeze. Usanyamulenso mathireyi."

Namazira ankadziwa kuti thupi lake limanama. Koma mtima ndi mwana, ukaona timasokosi umayamba kukhulupirira. Anavomera.

Kuchipatala anakumana ndi dokotala wamkazi, wamagalasi, wolankhula mosathamanga. Dokotalayo anawauza apongozi kuti adikire pabenchi panja pa chitseko, koma chitsekocho sichinatsekeke bwino. Atayeza mkodzo, dokotala ananena motsitsa mawu kuti mimba palibe. Namazira anangoyang'ana kudenga. Ankaganiza kuti amuuza kuti azipita, koma dokotalayo anayamba kumufunsa mafunso. Msambo unayamba liti kudumphadumpha? Tsitsi la pachibwanoli linayamba liti? Kwanu alipo wina wotere?

"Azakhali anga, alongo awo a bambo. Ankameta kuposa amuna awo. Anadzadwala shuga atakula."

Dokotala anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza njira yomwe amaidziwa. Anamutenga magazi, kenako anamugoneka pakabedi n'kumupaka mafuta ozizira pamimba kuti amuunike ndi makina. Anatembenuza kanema wa makinawo kuti naye aone, ndipo apa mawu anakwera pang'ono chifukwa makinawo ankalira.

"Taonani apa mayi. Awa ndi mabasiketi anu a mazira, lina uku lina uku. Mwationa timadontho takudati tandandalika m'mphepetemu ngati mikanda? Amenewa ndi mazira. Ambirimbiri."

Khutu la apongozi linagwira mawu awiri okha, mazira ndi ambirimbiri. Sanadikirenso. Anadzuka pabenchi, foni kale ili m'manja, n'kupita pansi pa mtengo kukayimbira dziko lonse. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma awa sanatumidwe n'komwe.

M'chipindamo nkhani inali ikupitirira.

"Ndiye adokotala, ngati mazira alipo ambiri chonchi, mwana ali kuti?"

"Vuto ndi lomwelo. Mwezi uliwonse dzira limodzi limayenera kukhwima n'kutuluka m'basiketi. Anuwa amayamba kukula, n'kuimira panjira, osakhwima, osatuluka. Dzira likapanda kutuluka, msambo umasokonekera ndipo mimba imavuta."

Namazira anayang'anitsitsa timikanda tija. Anali atationapo penapake.

"Ngati nkhuku yosiya kuikira," anatero. "Ukaipha umapeza timazira tating'onoting'ono titaunjikana m'kati ngati mphesa, popanda n'limodzi lomwe lachikamba."

Dokotala anaseka. "Simunapite patali. Kungoti inu sitikuphani."

Anamufotokozera kuti vutoli lili ndi dzina lachingerezi lalitali ngati njanji, moti madokotala eniake amangolidula n'kumati PCOS. Anati m'thupi la munthu muli timadzi totchedwa mahomoni, tomwe timauza ziwalo zochita. Mkazi aliyense ali ndi mahomoni achimuna pang'ono, koma kwa akazi ena amachulukirapo, ndiye amabweretsa ndevu ndi ziphuphu n'kumalepheretsa mazira kukhwima. Kwa ambiri, thupi limavutikanso kugwiritsa ntchito shuga, n'chifukwa chake limanenepa msanga, khosi n'kuda, ndipo munthu akalekerera amadzadwala matenda a shuga ngati azakhali aja.

"Ndinalakwa chiyani kuti zindigwere?"

"Palibe. Nthawi zambiri zimayenda m'magazi a pabanja. Sikuti munalodzedwa, simunatengere kwa munthu, ndipo simungapatsire munthu. Akazi ambiri ali nalo, kungoti aliyense amameta payekha chitseko chili chotseka."

"Limatha?"

"Kutheratu ayi. Koma limawetedwa. Inu mumadziwa nkhuku, mukudziwa kuti kuweta n'kwa tsiku ndi tsiku."

Anamupatsa mapilitsi amene amapatsanso odwala shuga, oti athandize thupi kumvera. Anamupatsanso ena oti asambe, chifukwa chiberekero chikakhala miyezi yambiri osakhetsa, m'kati mwake mumakhuthala ndipo pakapita zaka zimatha kubala matenda oopsa. Anamuuza kuti achepetse shuga, zakumwa zotsekemera ndi buledi woyera, achulutse masamba, nyemba, nsomba ndi mazira ake omwewo, ndipo aziyenda mpaka thukuta lituluke. Anati thupi likatsikako ngakhale pang'ono, kwa ambiri mazira amayamba kutuluka okha. Akapanda kutero, alipo mankhwala okhwimitsa dzira, ndipo akazi ambiri a vutoli amabereka.

Namazira anatuluka m'chipindamo mtima uli pawiri. Mwana panalibe, koma kwa nthawi yoyamba chinthu chomwe chinkamuzunza chinali ndi dzina, ndipo chinthu chadzina umatha kuchikalipira. Panja anapeza apongozi akumwetulira mpaka m'makutu.

"Amayi, mimba palibe."

"Eya mwana wanga, usanene. Zotere salengeza."

"Ndikunena zoona amayi, adokotala akuti mulibe mwana."

"Ine ndamva ndi khutu langali. Ambirimbiri. Kwathu mapasa aliko."

Anayesa kufotokoza m'minibasi, anayesanso kunyumba. Mwamuna wake anayesa kukuwira kukhutu labwino lija. Apongozi ankangogwedeza mutu mwachifundo, n'kupita kukagula ulusi wina.

Namazira anawasiya, n'kuyamba kuweta thupi lake. Tsiku loyamba kumwa tiyi wopanda shuga ananena kuti akumva ngati akumwa madzi otsukira mbale. Mwamuna wake, pofuna kuonetsa chikondi, analengeza kuti nayenso wasiya shuga. Anapirira mpaka tsiku lomwe mkazi wake anapeza kapaketi ka shuga m'kabati ya malumo, kuseri kwa mafuta opaka m'mutu.

"Bambo, awa ndi mankhwala a nsabwe?"

"Ndi a makasitomala, mayi. Ena amakomoka akaona lumo."

Mapilitsi aja poyamba anamutembenuza m'mimba moti ankadziwa zimbudzi zonse za mumsika ndi mayina a ozisamalira. Anabwerera kwa dokotala m'malo mowataya, ndipo dokotalayo anamuuza kuti aziwamwa akudya. Zinakhazikika.

Zoyenda zija ndiye anazipezera nzeru. Iye si munthu woti n'kumangozungulira bwalo manja ali lendelende ngati wasochera. Anaganiza zoti m'malo modikira makasitomala pabenchi, aziwapititsira yekha mazira. M'mawa, mwamuna wake akangomupukuta chibwano, ankasenza mathireyi pamutu n'kuyamba ulendo: kumalo odyera a pafupi ndi siteshoni, kwa ophikira ana asukulu, kumagolosale a kumtunda, mpaka kwa mayi wina wophika makeke a ukwati amene ankakhala kuseri kwa tchalitchi, pamwamba pa chitunda. Munthu wosenza mazira sathamanga komanso saima, ndipo chitunda chija chinkamutulutsa thukuta lomwe dokotala ankalifuna.

Patapita miyezi, siketi zinayamba kuzungulira m'chiuno. Sanasanduke bango ayi, anangotsikako. Khosi linayamba kuyera, ziphuphu zinachepa. Ndevu zokha zinati ife tilipo, ndipo wometa anati zisachoke zonse, angamuthere ntchito. Msambo unayamba kubwera wokha, osati mokhulupirika ngati wotchi, koma ngati mlendo amene tsopano anagula foni. Nawo malonda anakula, chifukwa anthu amakonda dzira lowapeza pakhomo. Mayi wa makeke yekha ankatenga mazira ochuluka kuposa makasitomala ena onse kuwaphatikiza. Chifukwa cha iyeyo, mwini khola lalikulu la kunja kwa tauni anayamba kumubweretsera Namazira mazira pagalimoto, zomwe amachitira okhawo otenga ambiri.

Tsono mumsika anthu ali ndi maso, ndipo masamu awo ndi achangu. Pafupi ndi benchi ya Namazira pamakhala mayi wogulitsa anyezi amene amamutcha Wailesi, chifukwa satsekedwa ndipo safuna mabatire. Tsiku lina Wailesi anaimitsa apongozi aja akudzagula anyezi.

"Agogo, nanga mapasa athu aja? Mimba ija tikuiona ikubwerera m'mbuyo."

Apongozi anali ndi manyazi, timasokosi tinali titadzaza chikwama. Anayankha mokweza, monga amachitira anthu osamva bwino.

"Ine ndinamva ndekha adokotala akuti mazira ambirimbiri. Komwe anapita, ine sindikudziwa."

Bodza lija linabadwira pamenepo. Mimba yodzaza mazira yaphwa, mathireyi pabenchi achuluka. Wailesi anangolumikiza mawaya.

Namazira atamva koyamba anaseka mpaka kutsamira benchi. Anasekanso ataona atsikana ongokwatiwa kumene akudutsa benchi yake cham'mbali, manja atagwira pachibwano. Kuseka kunatha tsiku lomwe mayi wa makeke anatumiza uthenga pafoni woti asabweretsenso mazira mpaka adzanene. Popanda mayi ameneyu, galimoto ya kukhola ikanasiya kuima pachipata chakumunsi, ndipo Namazira akanabwerera pabenchi kukagulitsa limodzilimodzi kwa anthu omwe tsopano ankamuopa.

M'mawa mwake mwamuna wake anafunditsa madzi n'kukonza mpando monga mwa masiku onse.

"Lero musandimete," anatero Namazira.

"Mwapeza wometa wina?"

"Ndikufuna ndipite nazo. Zili ndi ntchito."

Anadikira masiku angapo mpaka chibwano chinachita mdima, n'kukwera chitunda chija wopanda thireyi pamutu.

Khitchini ya mayi wa makeke inali yotentha ngati m'kamwa mwa ng'anjo. Mauvuni awiri ankayaka, ufa uli mbuu patebulo, keke yosanjikiza itaima pakona kudikira maluwa ake. Mwini wake anali mayi wowonda, wamtali, waulemu wambiri. Namazira anali atazindikira kalekale kuti mayiyu, kutenthe bwanji, amamanga kampango kopyapyala kuchokera pamutu kudzera pansi pa chibwano. Ankangoti mwina ndi za kutchalitchi kwawo.

"Asisi, ndabwera kudzamva kuti dzira langa linalakwa chiyani. Linaola?"

"Ayi achemwali, mazira anu saola." Mayiyo ankapukuta tebulo loyera kale. "Kungoti amayi a akwati ayamba kufunsa kuti mazira ndimagula kwa ndani. Wina wabweza keke sabata yatha. Akuti safuna mwana wake akalowe m'banja ndi ndevu."

"Inu mumazikhulupirira zimenezo?"

"Ine ayi."

"Tandiyang'anani."

Mayi wa makeke anakweza maso, n'kuona chibwano chosameta chija. Anafuna kuyang'ana kumbali koma maso anakana.

"Ine ndimalawa," anatero motsitsa. "Keke iliyonse ndisanaiike mu uvuni ndimalawa ufa wosakaniza, mazira ali aawisi. Ndiye anthu atayamba kunena zija..."

Sanamalize. Anamasula kampango kaja. Pansi pa chibwano panali tizilonda ndi timabala takuda ta munthu wozula tsitsi mobisa, mofulumira, pagalasi la kubafa.

Namazira anakoka mpando n'kukhala. Mkwiyo womwe anakwera nawo chitunda unasungunuka ngati batala.

"Asisi, zimenezi zinayamba liti?"

"Zachuluka chaka chino."

"Sindinafunse kuchuluka. Kuyamba."

Mayiyo anaganiza. "Ndili kusekondale."

"Nthawi imeneyo munkadya mazira a ndani?"

Mayi wa makeke anaseka kuseka kosakanikirana ndi misozi, n'kudzipukuta ndi kampango komweko.

"Nanga kumwezi mumapita bwanji?" anafunsa Namazira.

"Mwa apo ndi apo. Amuna anga amaganiza kuti ndimamwa zolerera mobisa."

Namazira anamufotokozera zonse zomwe anamva kwa dokotala, za mabasiketi, za timazira toimira panjira, za mahomoni ndi za shuga. Anamugwira dzanja n'kuliika pachibwano chake.

"Gwirani. Si zamatsenga izi, n'tsitsi basi. Limamva lumo ngati la aliyense."

"Koma inu munali wonenepa. Ine ndine chonchi."

"Nanenso ndinafunsa ngati n'za onenepa okha. Anati limagwiranso owonda. Koma ine si dokotala, asisi, ndimayeza mazira a nkhuku. Mwina zanu n'zina, zofanana nazo ziliko. Lachinayi ndikupita kukaonedwanso. Tipitire limodzi, ndipo amuna anuwo muwatenge akamve okha."

"Nanga mazira?"

"Za mazira tidzakamba mukakamva. Sindikufuna muzigula mukunjenjemera."

Lachinayi lija anapita gulu. Namazira anatenganso apongozi, ndipo ulendo uno sanawasiye pabenchi. Anawalowetsa m'chipinda, kuwakhazika khutu labwino litaloza kwa dokotala, n'kupempha kuti afotokoze kuyambira pachiyambi, mokweza. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa funso limodzi.

"Ndiye mazirawo akadalimo?"

"Akadalimo, amayi."

"Sanagulitse?"

Dokotala anavula magalasi n'kuyang'ana Namazira. Namazira anangoti, "Nkhani yake ndi yaitali, adokotala."

Atafika kunyumba, apongozi anagwira dzanja la mpongozi wawo n'kunena kuti pakamwa pawo ndi pomwe panayatsa moto. Timasokosi tija anati atisunga, ulusi suola. Ndipo sanalakwitse kutisunga, chifukwa tsiku lomwelo dokotala anali atanena kuti thupi lafika poti akhoza kuyamba mankhwala okhwimitsa dzira. Sanalonjeze kanthu. Anangoti mwayi ulipo ndipo ndi wabwino. Namazira anayamba kumwa, ndipo mpaka pano akudikira, koma akudikira akuyenda. Amati mwana akabwera adzamupeza ali wamphamvu, akapanda kubwera shuga yekha ndiye sadzamupeza atakhala pabenchi.

Mayi wa makeke naye anamuyeza magazi n'kumuunika, ndipo anamupeza ndi timikanda take. Mwamuna wake, amene anabwera nkhope ili ndwii, anatuluka akumunyamulira chikwama.

Loweruka lotsatira, dzuwa lili pamutu, msika utadzaza, mayi wa makeke anatsika chitunda n'kulowa pachipata chakumunsi wopanda kampango. Chibwano chinali chosalala, ntchito ya wometa uja, amene tsopano amati akuganiza zolemba pachitseko kuti amayinso amalandiridwa. Mayiyo anaima pa benchi ya Namazira, n'kutola dzira limodzi lowiritsa, kulisenda ndi kulidya anthu akuona.

"Achemwali, Lolemba mundibweretsere monga kale, muwonjezereko. Ndili ndi maukwati awiri," anatero ndi mawu omwe palibe ankadziwa kuti ali nawo. "Wofuna keke ya mazira ena akaphike yekha. Ine ndevu zanga ndinayamba kuzula ndisanakudziweni, ndipo dokotala wandiuza dzina lake."

Anyezi wina anagwa pa mulu wa Wailesi n'kugubuduka mpaka kumapazi a Namazira. Wailesi anabwera kudzamutola, ndipo poti wailesi sizima yokha, anaweramira pafupi n'kufunsa ndi mawu oti amve anthu a mabenchi atatu.

"Koma anzanga, tiuzeni zoona, ife timangomva. Akuti mazira mumagulitsawa ena ndi anu a m'mimba?"

Namazira anapitiriza kusanja thireyi yake, kosongoka pansi, kosongoka pansi. Atamaliza mzere anamuyang'ana.

"Anga vuto lawo n'kukana kutuluka, mayi. Akanakhala otuluka mpaka kudzaza thireyi, bwenzi pano mukundithandiza kulera, osati kundinena. Awa ndi a nkhuku. Mugula angati?"